Nambala imodzi m'mafoni awiri: kodi khadi la SIM limakopereka?

Mwina nambala yanu ya foni mwakhala nayo zaka zambiri. Ogula mbatata ndi nyemba zanu amaidziwa pamtima. Mwana wanu amene ali ku Maputo, ku Beira kapena ku Johannesburg amatumiza ndalama pa nambala yomweyo. Kusukulu ya ana anailemba, kuchipatala anailemba, kumpingo anailembanso. Koma foni ndi imodzi. Mukapita nayo kumsika ku Ulónguè kapena ku Tete, kunyumba kumatsala zii. Mukaisiyira akunyumba, inuyo mumayenda tsiku lonse osadziwa amene akukufunani.

Apa m'pamene maganizo amabwera. Kiyi wa chitseko timadulitsa wachiwiri, wina asunge bambo, wina asunge mayi. Nanga khadi la m'foni, bwanji osalipangira linzake, kuti nambala imodzi izilira m'mafoni awiri? Anthu olonjeza kuti angachite zimenezi sasowa. Ena amalengeza pa Facebook, ena pa WhatsApp, ena amangonong'oneza pa benchi yokonzera mafoni. Pa Chipwitikizi amati clonar o cartão SIM, kutanthauza kupanga khadi lina lofanana ndendende ndi lanu.

Musanapereke khadi lanu kapena ndalama zanu kwa munthu wotere, werengani nkhaniyi. Ngati muli m'kalasi, iwerengeni ndi anzanu pang'onopang'ono, foni ili m'manja.

Nambala yanu sikhala m'khadi

Tiyambe ndi chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Nambala imene anthu amakuimbirani, ija yoyamba ndi 82 kapena 83 ya Tmcel, 84 kapena 85 ya Vodacom, 86 kapena 87 ya Movitel, kwawo kwenikweni si m'kakhadi kali m'foni mwanu. Kwawo ndi m'makompyuta a kampani. Umboni wake mukuudziwa kale. Munthu akataya foni amapita ku loja ya kampani ndi BI yake n'kupempha segunda via. Amam'patsa khadi latsopano, koma nambala ndi yomwe ija. Khadi lakale, kulikonse kumene lili, limafa. Kampani yangochotsa nambala pa khadi lakale n'kuiika pa latsopano, monga mumamasulira mbuzi pa chikhomo china n'kukaimanga pa china.

Ndiye m'khadimo muli chiyani? Kachitsulo konyezimira kamene mumakaona ndi nkhope chabe. Pansi pake pali kakompyuta kakang'ono kwambiri. Makhadi oyamba a mtundu umenewu anapangidwa mu 1991 ndi kampani ya Giesecke & Devrient ya mumzinda wa Munich ku Germany. Nthawi imeneyo khadi linali lalikulu ngati la kubanki. Lakhala likuchepa zaka zonsezi, koma ntchito yake sinasinthe. Limasunga zinthu ziwiri zofunika.

Choyamba ndi nambala yaitali, ya manambala 15, yotchedwa IMSI. Ili ngati nambala ya BI ya khadilo. Ya khadi la kuno ku Moçambique imayamba ndi 643. Palibe amene amakuimbirani pa nambala imeneyi. Ndi ya pakati pa khadi ndi kampani basi.

Chachiwiri ndi kiyi wachinsinsi, amene akatswiri amamutcha Ki. Kiyi ameneyu amasungidwa malo awiri: m'khadi mwanu ndi m'kompyuta ya kampani. Sanalembedwe pa pulasitiki. Ngakhale foni yanu yeniyeniyo siimudziwa. Khadi linapangidwa mwakuti lisamutulutse, mungalifunse chotani.

Nanga kampani imadziwa bwanji kuti khadi lili ndi kiyi woyenera, ngati kiyiyo satuluka? Kumbukirani ndagi za madzulo pa moto. Mukayatsa foni, netiweki, imene ambiri timati rede, imaponyera khadi lanu ndagi. Ndagiyo ndi nambala yaitali yongosankhidwa pomwepo. Khadi limatenga nambalayo, kuisakaniza ndi kiyi wake, n'kubweza yankho. Kompyuta ya kampani nayo imachita masamu omwewo ndi kiyi amene inasunga. Mayankho akafanana, chipata chimatseguka, timizere ta netiweki timaoneka pa foni. Akasiyana, khadi limakanidwa. Ulendo wotsatira ndagi imakhala ina, yankho limakhalanso lina. Choncho munthu atamvetsera yankho la lero, mawa silim'thandiza. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso, inu muli kalikiliki kufuna dzina la amene mukufuna kumuimbira.

Kukopera khadi kumatanthauza kutenga zinthu ziwirizi, IMSI ndi Ki, n'kuzilemba pa khadi lopanda kanthu. IMSI siivuta kuwerenga. Pa Ki m'pamene pagona nkhani.

Kale zinkatheka

Olonjeza aja sanapeke nkhani yonse. Inalipo nthawi imene makhadi ankakopereka. Mu Epulo 1998, akatswiri atatu ku California, m'dziko la America, Marc Briceno, Ian Goldberg ndi David Wagner, anaonetsa kuti masamu amene makhadi ambiri ankagwiritsa ntchito, otchedwa COMP128, anali ndi mng'alu. Anaika khadi m'kamakina kolumikizidwa ku kompyuta n'kuliponyera ndagi pafupifupi 150,000, ina pambuyo pa inzake, kwa maola pafupifupi 8. Mayankho ake ankaulula chinsinsi pang'onopang'ono, mpaka kiyi yense anadziwika. Koma taonani: ngakhale pamenepo anafunika kugwira khadi lenilenilo m'manja, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sanalikopere pongodziwa nambala ya foni.

Apa n'kuti mafoni a m'manja atangofika kumene kwathu kuno. Kampani ya mcel inayamba mu 1997, Vodacom inabwera mu 2003, Movitel mu 2012. M'zaka zotsatira za 1998, timakina towerengera makhadi pamodzi ndi makhadi opanda kanthu zinkagulitsidwa m'mayiko ambiri, ndipo anthu ankakoperadi. Koma makampani sanagone. Anasintha masamu aja n'kumata mng'alu. Makhadi a 3G ndi 4G amagwiritsa ntchito masamu ena olimba kwambiri, ndipo khadi nalo limayamba latsimikiza kuti netiweki imene ikulifunsa ndi yeniyeni. Makhadi ena anapangidwa kuti akaponyeredwa ndagi zambirimbiri azingodzitseka, osadzukanso. Munthu woyesa njira ya 1998 pa khadi lotere amatsala ndi khadi lakufa m'manja, ndipo khadi lakufalo ndi lanu lija.

Malangizo ndi mavidiyo a nthawi imeneyo akadali pa intaneti, ndipo timakina tija tikugulitsidwabe. N'chifukwa chake mphekesera siikutha. Chimene kamakina kotere kangachite lero n'kukopera mayina ndi manambala a anzanu amene munasunga m'khadi, ndi ma SMS ochepa. Imeneyo ndi ntchito yothandiza ndithu. Koma khadi lodzaza ndi mayina a anzanu silingalandire foni pa nambala yanu.

Tiyerekeze kuti zatheka

Tinene kuti wina wakwanitsa. Muli ndi makhadi awiri ofanana ndendende, limodzi ku Furancungo, lina ku Tete. Munthu akaimba, kodi mafoni onse awiri alira? Ayi. Netiweki ili ndi kaundula amene amalemba malo amodzi okha pa khadi lililonse, kuti khadi lakuti pano lili chigawo chakuti. Foni imene yalankhula ndi netiweki pomaliza ndi imene imalembedwa, ndipo ndi imene imalandira. Inayo imangokhala duu, timizere tikuoneka bwinobwino, koma palibe choifikira. Pakapita kanthawi zimasinthana, inu osadziwa. Wogula akuimba, foni ikulira m'thumba la munthu amene ali kudimba. Uthenga wa ndalama wapita kwina. Munkafuna kuti musaphonye aliyense wokuimbirani, koma tsopano simukudziwa n'komwe kuti mwaphonya angati.

Makompyuta a kampani nawo amayang'anira zachilendo. Khadi limodzi silingakhale ku Tete ndi ku Lichinga pa ola limodzi. Akaona zotere angathe kutseka nambala, ndipo nambala ikatsekedwa, M-Pesa, e-Mola kapena mKesh yanu simungaifikire mpaka mutakafotokoza.

Palinso dzina lanu. Mu Seputembala 2010 ku Maputo ndi ku Matola kunali zionetsero zokwiya ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndipo anthu ankaitanizana pa SMS. Zitatha, boma linalamula kuti khadi lililonse lilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Bungwe loyang'anira za mafoni, INCM, ndi limene limaona kuti makampani akutsata lamuloli. Malamulo atsopano a 2023 anawonjezera kuti polembetsa pazitengedwanso nkhope ndi zidindo za zala. Tanthauzo lake ndi ili: chilichonse chochitika pa nambala yanu chimaloza kwa inu. Wina akaopseza munthu kapena kuba ndalama pogwiritsa ntchito nambala yanu, apolisi ndi a SERNIC adzayamba kugogoda pakhomo panu.

Wakuba sakopera, amasamutsa

Tsopano tifike pa choopsa chenicheni. Akuba a masiku ano savutika ndi Ki. Anapeza khomo losavuta, ndipo khomolo ndi segunda via yomwe ija.

Wakuba amayamba n'kusonkhanitsa za inu: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya BI. Mwina chithunzi cha BI yanu munam'tumizira nokha pa WhatsApp, iye atakunamizani kuti pali ntchito, ngongole kapena mphoto. Kenako amapita kukanena kuti iye ndi inu, ndipo foni yatayika. Nthawi zina amanyamula zikalata zabodza. Nthawi zina amagwirizana ndi wantchito wosakhulupirika. Akangopatsidwa khadi latsopano, lanu limafera m'foni mwanu momwemo. Nambala siili m'mafoni awiri, yasamuka yonse. Ma SMS a kubanki, aja okhala ndi manambala otsimikizira kuti ndalama zituluke, tsopano akupita kwa iye. Abale anu akakuimbirani, akuyankha ndi iye.

Umbava umenewu umadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti SIM swap. Dziko lathu linavutika nawo kwambiri, mpaka linadzatchuka kunja chifukwa cha njira imene linapeza youchepetsera. Mu 2019 kampani ya Kaspersky inafalitsa lipoti lofotokoza mgwirizano wa mabanki ndi makampani a mafoni a kuno. Banki isanatulutse ndalama, kompyuta yake imafunsa kampani ya foni funso limodzi: kodi khadi la nambala iyi lasinthidwa masiku ochepa apitawa? Yankho likakhala inde, banki imayamba yaimitsa. Choncho mukatenga segunda via yanuyanu n'kupeza kuti banki ikukana kutumiza ndalama kwa masiku angapo, musakalipire wantchito wa kubankiko. Kuchedwa kumeneko ndi kumene kumapatsa mwini nambala mpata wozindikira kuti waberedwa, ndalama zisanapite.

Mungazindikire bwanji? Foni imene inali bwinobwino imataya netiweki mwadzidzidzi. Pa galasi pamalembedwa Sem serviço, kapena Só chamadas de emergência. Mawu awa ndi ofunika kuwaphunzira; alembeni m'kope mwanu kuti muziwazindikira mukangowaona. Inde, kumudzi netiweki imathawathawa, makamaka mvula ikagwa kapena magetsi akazima pa nsanja. Ndiye musanyamuke ndi mantha. Yang'anani foni ya mnzanu wa kampani yomweyo amene mwaima naye pamodzi. Ngati yake ili ndi timizere, zimitsani yanu n'kuiyatsanso. Yesani khadi lanu m'foni ina. Likakanabe, m'pempheni mnzanuyo akuimbireni. Nambala yanu ikamveka kuti ikulira pamene foni yanu ili chete, kapena akayankha munthu wachilendo, musadikire mawa. Bwerekani foni, imbirani kampani ndi banki kuti atseke, kenako pitani ku loja ndi BI yanu. Wakuba amagwira ntchito m'maola, osati m'masiku. Ngati ndalama zatuluka kale, kaneneni ku esquadra, ndipo musafufute uthenga uliwonse.

Pali njira inanso, yosafuna n'komwe segunda via. Foni imalira. Mawu aulemu, Chipwitikizi chosalala. Akuti ndi a kukampani, aona kuti khadi lanu lakoperedwa, ndipo kuti alitchinjirize mutchule PIN yanu, kapena muwawerengere manambala amene angofika pa SMS. Mantha a kukoperedwa ndiwo nyambo yake. Dziwani kuti kampani ya foni, banki kapena ajenti, palibe amene ali ndi chifukwa chofunsira PIN yanu. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa SMS ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukawatchula, munthu uja amaitsegula m'foni mwake n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Abalewo amaona nambala yanu, n'kukhulupirira. Kawirikawiri munthu akamati "andikopera khadi", mukam'funsitsa mumapeza kuti panali foni yotere, ndipo anatchula manambala. Dulani foni, ndipo ngati mtima ukukayikabe, imbirani nokha kukampani.

Tisabisenso kuti si onse ofuna kukopera khadi amene akuganiza za malonda. Ena akufuna kumva amene amaimbira akazi awo kapena amuna awo. Akathyali amawadziwa bwino anthu a nsanje. Amati tumizani nambala ya munthuyo ndi ndalama, mawa muyamba kulandira mauthenga ake onse. Ndalama zikapita, amapempha zina "zomalizira ntchito". Kenako nambala yawo siipezekanso. Woberedwayo amangomeza malovu, pakuti kupolisi akanena kuti ankagula chiyani? Kumvetsera mobisa mafoni a munthu wina ndi kuphwanya lamulo, ngakhale munthuyo mumagona naye nyumba imodzi.

Khadi lanu lili m'dzina la yani?

Funso ili ndi lalikulu kuposa la kukopera, ndipo ambiri sanadzifunsepo. Ena anagula khadi pamsewu litalembetsedwa kale. Ena, posowa BI nthawi imeneyo, anabwereka dzina la mlamu, la mphwawo kapena la mnansi. Foni ikugwira, ndalama zikulowa, vuto silioneka. Koma pamaso pa kampani, mwini nambala ndi uja dzina lake linalembedwa. Foni ikatayika, inu simungatenge segunda via. Angatenge ndi iyeyo. Mukadzakangana za malire a munda kapena za ngongole, angathe kupita ku loja ndi BI yake yeniyeni n'kutenga nambala yanu, osanama ngakhale liwu limodzi. Akamwalira kapena kusamukira kutali, nambala imatsala yopanda woiyankhira. Pitani ku loja mukafunse dzina limene lili pa nambala yanu. Ngati si lanu, funsani zofunika kuti lisinthidwe, ndipo chitani zimenezi mwini dzinayo akadali pafupi, mukadamvana.

Samalaninso polembetsa khadi latsopano. BI yanu isachoke pamaso panu. Wolembetsa akati "sizinalowe, tijambulenso", kawiri, katatu, funsani kuti makhadi olembetsedwa m'dzina lanu ndi angati. Khadi lolembetsedwa m'dzina lanu inu osadziwa lingagulitsidwe kwa munthu amene simudzamuona, ndipo mlandu wake udzabwera kwa inu.

Ndiye pali nkhani ya PIN ya ndalama, imene imakhudza kwambiri inu amene mukuphunzira kuwerenga mutakula. Munthu wosazolowera zilembo amapereka foni kwa ajenti, kwa mdzukulu kapena kwa mnyamata woima pafupi, n'kutchula PIN mokweza anthu ali pamzere. Kupempha thandizo powerenga uthenga kulibe manyazi. Koma PIN ndi manambala ochepa chabe, ndipo manambala mumawadziwa kale: ndalama mumawerenga tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene angakunamizeni pa chenji. Wokuthandizani akafika pamene foni ikufunsa PIN, akubwezereni foni. Lembani nokha, dzanja lina litaphimba. Musasankhe 1234, ndipo musasankhe chaka chimene munabadwa, pakuti chakacho chili pa BI. Ngati PIN yanu yadutsa kale m'makutu ambiri, isintheni. Njira yake imapezeka mukaimba *150# pa M-Pesa, *898# pa e-Mola, kapena *500# pa mKesh.

Nanga wofunadi kupezeka pa mafoni awiri atani?

Njira zololeka zilipo, ndipo zina zili kale m'foni mwanu.

Foni iliyonse, ngakhale kabombinha ka mabatani, imatha kupatutsa woimba kuti akalire pa nambala ina. Pa foni pamalembedwa Desvio de chamadas kapena Reencaminhamento de chamadas. Mungachitenso ndi manambala. Lembani **62*, kenako nambala ya foni yachiwiri, kenako #, n'kudina batani loimbira. Kuyambira pamenepo, foni yanu ikazima kapena ikakhala kopanda netiweki, woimba azikalira pa foni yachiwiriyo. Mukalemba **61* m'malo mwa **62*, azipatuka pamene foni yalira osayankhidwa. Pofuna kuthetsa zonse, imbani ##002#. Koma dziwani zinthu ziwiri. Ma SMS sapatuka, amabwerabe pa foni yoyamba. Ndipo kawirikawiri gawo lopatutsidwalo limadya crédito yanu, osati ya woimba, choncho yambani mwafunsa mtengo wake kukampani. Khomo lomweli wakuba nayenso amalidziwa. Munthu amene mwam'bwereka foni "kwa mphindi imodzi" angapatutsire oimba anu kwa iye. Mukakayika, ##002# imachotsa.

Kwa amene ali ndi mafoni aakulu a intaneti, kuyambira mu Epulo 2023 WhatsApp imalola kuti akaunti imodzi itsegulidwe pa mafoni ena mpaka anayi. Malo ake amalembedwa Dispositivos associados, pa mafoni ena Dispositivos conectados. Foni yachiwiri siifuna khadi la nambala yanu, imangofuna intaneti, ndipo mauthenga amafika konsekonse. Kwa banja logulitsa katundu pa WhatsApp, iyi ndi njira yabwino. Foni yoyamba isangokhala masiku opitirira 14 osagwiritsidwa ntchito, chifukwa zinazo zimadzitseka. Ngakhale simukufuna njira imeneyi, tsegulani malo amenewa muone. Mukapeza foni kapena kompyuta imene simukuidziwa, ndiye kuti wina akuwerenga mauthenga anu. Idineni n'kuichotsa.

M'mayiko ena, monga ku Germany, makampani amagulitsa khadi lachiwiri la nambala yomweyo, lotchedwa MultiSIM, ndipo mafoni onse amaliradi pamodzi. Koma uku si kukopera. Khadi lililonse lili ndi IMSI ndi kiyi wakewake, ndipo kompyuta ya kampani ndi imene imadziwa kuti onsewo ndi a nambala imodzi. Chinthu chotere chingachokere ku kampani yokha, chifukwa kaundula ali kumeneko. Pa benchi ya pamsika palibe kaundula.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi yakale ija: nambala yachiwiri. Anthu a m'malire ku Calómuè, ku Zóbuè, ku Mandimba ndi ku Milange amayenda kale ndi makhadi awiri m'foni imodzi, la kuno ndi la TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Manambala awiri m'foni imodzi sasokoneza netiweki, ndipo manambala awiri m'banja limodzi sasokoneza malonda. Khadi lachiwiri lilembetsedwe m'dzina la amene aziligwiritsa ntchito. Lembani manambala onse awiri pa chikwangwani cha banka yanu, ndipo uzani ogula kuti ina ikakana ayese inzake. Phindu lake lina ndi lakuti mayi amakhala ndi akaunti yawoyawo ya ndalama, imene singatsekedwe kapena kubedwa pamodzi ndi ya bambo. Musaiwale kuligwiritsa ntchito khadi lachiwirilo nthawi ndi nthawi. Khadi likagona nthawi yaitali, kampani imalitseka, ndipo nambala yake imadzaperekedwa kwa munthu wina. Ngati pali nambala imene mukufuna kuisiya, yambani mwatapa ndalama zonse n'kuuza banki nambala yatsopano, kuti ma SMS anu asamakafike kwa mlendo.

Chomaliza ndi loko wa khadi lenilenilo. Wakuba foni safunika kutsegula foni yanu. Amangotulutsa khadi n'kuliika m'foni yake, ndipo nambala yanu ili m'manja mwake mpaka mutaitseketsa. Pofuna kutseka khomo limeneli, khadi lili ndi PIN yakeyake, yosiyana ndi ya ndalama ija. Ikayatsidwa, khadi limafunsa PIN nthawi iliyonse foni ikayatsidwa, kapena likaikidwa m'foni ina. Malo ake pa foni amalembedwa Bloqueio do cartão SIM kapena PIN do SIM. Musayese moyerekeza. Mukalakwitsa katatu khadi limadzitseka n'kufunsa PUK, nambala ya manambala 8. PIN yoyamba ndi PUK zimalembedwa pa pulasitiki yaikulu ija munathyolapo khadi tsiku logula, imene ambiri amaitaya pakhomo pa loja pomwepo. Ngati yanu ikadalipo, isungeni m'nyumba, osati m'chikwama chimodzi ndi foni. Ngati inatayika, kafunseni PUK kukampani musanayambe kuyatsa PIN. Mukalakwitsa PUK kakhumi khadi limafa, ndipo chotsala ndi ulendo wa ku loja, BI ili m'manja.